Manambala Asanu ndi Limodzi a Foni ya Quyen

Anzanga, Quyen ndinakumana naye pashopu yanga yokonzera mafoni. Anabwera ndi foni yosweka galasi.

"Yagwa panjinga yamoto?" ndinafunsa.

"Ayi, waiponda wapolisi. Ukonza kapena wayamba kale kunjenjemera?"

Ndinaseka, foni ndinakonza. Pomatha miyezi itatu tinali pachibwenzi.

Quyen ankalemba pa Facebook za alimi amene analandidwa minda ya mpunga kuti pamangidwe fakitale. Tikamamwa khofi m'mbali mwa msewu, azibambo awiri ankakhala patebulo loyandikana nafe, osaitanitsa kalikonse.

"Zisiye izi, Quyen, tikwatirane," ndinkamuchonderera.

"Tikwatirana, Bach. Koma ukwatira ine ndi pakamwa panga pomwe."

M'mawa wina anandiitana kupolisi, ati tikamwe tiyi. Bwana wa apolisiwo anali waulemu zedi.

"Mayi anu amagulitsa supu pamsika, eti? Nanga mlongo wanu wa kuyunivesite uja... amaliza bwanji sukulu mlamu wake ali mdani wa boma?"

Anandikankhira pepala ndi cholembera.

"Foni yake mumakonza ndinu. Pasiwedi yake, manambala otsegulira foniyo, mukuidziwa."

Ndinakhala pampando uja maola asanu. Kenako ndinalemba manambala asanu ndi limodzi aja. Ndinadzinamiza kuti zonse zili kale pa Facebook, chobisika palibe.

Chobisika chinalipo. M'fonimo munali mayina a alimi amene ankamutumizira zithunzi. Sabata yomweyo anamanga Quyen pamodzi ndi alimi anayi.

Mlandu unatha tsiku limodzi. Quyen anamugamula zaka zisanu ndi ziwiri, ati ankafalitsa nkhani zonyoza boma.

Kundende amalola achibale okha. Dzulo mayi ake anafika pashopu, akuchokera komweko. Anandigwira dzanja.

"Mwanangu, Quyen waonda, koma akuti usade nkhawa. Akuti anamufunsa za iwe masiku khumi, osamupatsa mpata wogona, koma dzina lako sanalitchule. Akuti amene anamupereka adzamudziwa ndithu, koma bola iwe uli panja."

Ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Ndinangoti, "Zikomo, amayi."

Anzanga, kwa zaka ziwiri ndakhala ndikutchedwa mwamuna wokhulupirika amene akudikira bwenzi lake. Lero ndalemba zoona.

Mayi ake amawerenga tsamba langa lino la Facebook. Ulendo wawo wotsatira wakundende uli pa 14, ndipo ndikuwapempha kuti akamuuze zonse.