Munakana kuti tigulitse munda, achemwali

Achemwali anga, lero ndikudikira minibasi pa Mikolongwe ndaona mayi wina atakhala pansi, atagwira pamimba, amuna ake akuchonderera kondakitala kuti awachotsereko mtengo. Pomwepo ndakumbukira tsiku lija tinkachokera kuchipatala ku Blantyre, adokotala atatiuza kuti khansa yanu yafalikira, ndipo thandizo lomwe latsala ndi lolipira, apo ayi tidikire mwayi wopita kunja. Mbuzi zonse zinali zitathera kale pa thiransipoti. Tili m'minibasi ndinati, "Tigulitse munda wa ku Ndunde uja." Inu munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, ndiye ana anga azidzadya chiyani? Munda usiye." Munayesa kumwetulira, koma thukuta linkangoyenderera chifukwa cha ululu.

Munda ulipo, achemwali, ndipo ana anu akudya nyemba zake. Ena a ndalama amene munkadwala nawo akuyenda mpaka lero, inu munagona. Tsopano nanenso ndapeza kachotupa kubere. Sindinauze aliyense, chifukwa chogulitsa chomwe chatsala pakhomo ndi munda womwewo. Usani mumtendere, koma ine kuno ndasowa kolowera.