Gawo Lachitatu Limene Unalikana

Fatsani, lero ndaona tepi yakale ya filimu itatayidwa m'ngalande ku Zingwangwa. Yandikumbutsa kanyumba koonetsera vidiyo ka ku Bangwe, chaka chija tinavotera zipani zambiri. Katswiri wa karate amene tinkamukonda anafa kumapeto kwa gawo lachiwiri, tonse tikuona. Gawo lachitatu litafika, anatulukira ali wamoyo, popanda wotiuza kuti wadzuka bwanji. Iwe unanyamuka pabenchi n'kutuluka. Ndinakutsatira ndi chikuto cha tepi, kukuonetsa kuti kampani yake ndi yomweyo, si filimu yabodza. Unati, "Aise, chidindo ndi chawo, koma munthu uja tinamulira ndife. Ameneyu si iye." Ndinakutcha wamakani, n'kubwerera mkati ndekha.

Dzinja lotsatira linakupeza utawonda, ukutsokomola usana ndi usiku, ndipo tinakuika m'manda chimanga chisanache. Mpaka lero sindidziwa amene ankalondola pa mkangano uja. Koma wina atakubweretsa mawa popanda kulongosola chilichonse, ine sindingafunse kuti wadzuka bwanji. Ndingangokusunthira pabenchi. Vuto ndi lakuti ndimakudziwa, mnzanga: iweyo sungavomere.