Sizasi ya Alamu ndi Mapilitsi a Achimwene

Alamu anga sataya kanthu. Ndikunena zoona, ngakhale ulusi wotalika ngati chala amaukulunga pa kamtengo ka machesi, ati tsiku lina udzasokera batani. Akhala akusoka pakhonde la sitolo ya zitsulo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo msewu wonse umawatchula kuti a Zidutswa, chifukwa cha thumba la zidutswa za nsalu lomwe amakhalira m'malo mwa khushoni. Ine ndimawanena kuti ndi ouma manja, iwo amati manja anga ndi obowoka. Timamvana choncho.

Amuna awo ndi achimwene anga, dalaivala wa basi. Munthu wamkulu thupi, wofatsa, amene akapatsidwa chinthu ndi akazi awo amangomeza osafunsa. Chiwongolero ndiye moyo wawo wonse. Mukawachotsa pampando uja, sadziwa n'komwe koika manja.

Chaka chatha dokotala wa kukampani anawapeza ndi bipi yokwera kwambiri. Anawalembera mankhwala, mbulu umodzi m'mawa uliwonse, n'kuwauza mosapsatira kuti abwerenso pakatha miyezi itatu. Ikapezeka isanatsike, makiyi a basi asiye pa tebulo. Kampani singapereke anthu makumi asanu ndi limodzi m'manja mwa munthu woti angathe kugwa pachiwongolero.

Mankhwalawo mtengo wake, mayo ine! Kabokosi kamodzi ka mwezi kankadya ndalama ya madiresi anayi. Mwezi woyamba alamu anagula, akudandaula njira yonse. Mwezi wachiwiri anagulanso, koma apa m'pamene mutu wa utelala unayamba kugwira ntchito yake.

Ndinawapezerera Loweruka masana. Ndinapita kukatenga siketi yanga, ndipo ndinawaona atawerama pa thabwa la makina, magalasi ali pamphuno, sizasi yaikulu ija ili m'manja. Khwa! Kambulu kagawika pakati. Khwa! Kena. Zibenthuzo ankaziponya m'kabotolo ka mabatani.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikuchulukitsa. Bokosi limodzi, miyezi iwiri. Achimwene anu akumwa theka kuyambira sabata yatha ija, ndipo sanafe."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Sabata imeneyo achimwene ankadandaula chizungulire m'mawa, madzulo mutu ukuwawa ngati akuukhoma misomali, ife n'kumati ndi dzuwa. Ndinakalipa pakhonde pomwepo, wokonza mawotchi wa pambali pawo mpaka anasiya ntchito n'kumationerera. Ndinawauza kuti munthu si nsalu. Iwo anandiyankha kuti pakamwa sipagula mankhwala, ngati ndili nazo ndalama nditulutse. Ndinalibe. Ndinachoka osatenga siketi.

Koma alamu ali ndi khalidwe limodzi limene ndimawagonjera nalo. Akakayika muyeso, sadula nsalu, amakayezanso. Lolemba m'mawa anandipeza pakhomo atanyamula jumbo. Munali kabokosi kaja, kabotolo ka zibenthu, kalata ya dokotala, ndi mankhwala ena onse amene anawapeza m'nyumba ndi m'matumba a jekete la achimwene.

"Tiyeni, a manja obowoka. Mukamve nokha akandiuza kuti ndikulondola."

Ku famase tinapeza mayi wina wa gauni yoyera, wolankhula pang'onopang'ono. Alamu anakhuthula jumbo yonse pa kauntala. Mayiyo ananyamula chibenthu chimodzi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, alipo mapilitsi ololedwa kudula, amakhala ndi kamzere pakati, ndipo amadulidwa dokotala akanena. Awa ayi. Anawapanga kuti azisungunuka pang'onopang'ono tsiku lonse. Mukawadula, mphamvu yonse imakhuthukira m'thupi nthawi imodzi, n'chifukwa chake bambowo akumva chizungulire m'mawa. Pofika madzulo m'thupi mulibemo kanthu."

Kenako anatola timapilitsi tina ta ululu, tomwe achimwene ankagula kudepoti kwa anthu oyenda ndi mankhwala m'manja, ati ta msana. Anati timeneti timakweza bipi, asiye lero lomwe, za msanawo akafotokoze kwa dokotala.

Ndinawayang'ana alamu, ndikudikira kuti ndiwaseke. Sindinathe. Zaka zonsezi ndinali ndisanawaonepo akuchita mantha, ndipo ndinawamvera chisoni.

Koma a Zidutswa sagwa nthawi yaitali. Anapukuta magalasi, n'kutsamira pa kauntala monga amachitira kwa ogulitsa nsalu.

"Chabwino, ndalakwa. Tsono mwanawe, tandiuza. Kwathu kuntchito nsalu imodzimodziyo imakhala ndi mitengo iwiri, ina umalipira nsalu, ina umalipira dzina losindikizidwa m'mphepete. Kuno kulibe zotere?"

Mayi uja anaseka, n'kutembenuza kabokosi. Anatisonyeza dzina lalikulu lokongola, ndipo pansi pake kadzina kena ka zilembo zing'onozing'ono. Anati laling'onolo ndiye dzina lenileni la mankhwala, lalikulu ndi la kampani. Alipo ena opangidwa ndi kampani ina, mankhwala omwewo, mphamvu yomweyo, osungunuka pang'onopang'ono chimodzimodzi, m'bokosi losakongola. Koma sanangotipatsa. Anaimbira kaye dokotala uja foni ife tili pomwepo, namuuza zonse, za sizasi zomwe. Dokotala anavomera. Mtengo wake sunafike ndi theka lomwe.

"Ndiye bwanji simunandiuze poyamba paja?"

"Simunafunse, mayi."

"Safunsa anadya phula," ndinatero ine, ndipo alamu anandiponda phazi.

Anakana kugula ambiri tsiku lomwelo. Anatenga a sabata imodzi, n'kupempha mayiyo kuti awalembere kadzina kaja ndi mphamvu yake pa pepala. Masiku awiri otsatira makina anawafunditsa nsalu, iwo n'kuzungulira mafamase asanu ndi pepala lawo, akufunsa mtengo, akuyang'ana tsiku lothera mphamvu ngati akufufuza pong'ambika. Mapeto ake anabwerera kwa mayi yemwe uja, chifukwa anawauza kuti akagula a miyezi itatu pamodzi amatsitsako. Alamu anawonjezanso kuti munthu amene wakuuza zoona sumusiya chifukwa cha timakobidi.

Sizasi sanaisiye, anangoisinthira ntchito. Anasoka kansalu ka matumba asanu ndi awiri kuchokera m'zidutswa zawo zija, thumba lililonse mtundu wake, Lolemba mpaka Lamulungu. Tsopano amadula pepala lonyezimira lokutira mapilitsi, mbulu uli wotsekeka m'kati mwake, n'kuika umodzi m'thumba lililonse. Bokosi lolembedwa dzina analisokera thumba lakelake pamwamba. Kansaluko kamapachikidwa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pamwamba poti adzukulu sangafikire, pa msomali womwe achimwene amakolekapo makiyi. Sangatenge makiyi osaona thumba la tsikulo.

Panatsala masabata asanu okha. Lachisanu lililonse alamu ankawakoka achimwene kupita ku famase kukayezetsa. Sabata yoyamba bipi sinasunthe kwenikweni, ndipo alamu anasoka kolala ya munthu chagada. Yachitatu inayamba kutsika.

Tsiku lokaonana ndi dokotala ndinakhala ndi alamu pakhonde. Iwo ankapalasa makina, ine ndinkangoyang'ana kumsewu, mtima uli m'mwamba. Nthawi itangopitirira 11 koloko tinamva hutala, katatu, motalika. Basi yonse inaima pomwe siyenera kuima, anthu ali m'kati akusuzumira, achimwene atatulutsa dzanja pawindo akugwedeza makiyi a kunyumba ngati mwana, poti a basi, omwe sanawalande, anali pa injini. Ine ndinakuwa mpaka mawu kutha. Wokonza mawotchi anaimba m'manja.

Alamu sanadzuke. Anangoti, "Auzeni azipita, achedwetsa anthu." Koma misozi inali ikudontha pa diresi la kasitomala.

Basi itapita anatsegula kabati ya makina, natulutsa kabotolo ka zibenthu kaja. Zinalimo khumi ndi zinayi, ndipo ndikudziwa kuti ankaziwerenga. Tinayenda limodzi mpaka ku famase, iwo anakapereka kwa mayi uja ndi manja awiri.

"Mwanawe, unati zotere mumadziwa kotayira kwake. Kataye."

Ine ndi amene ndinaona ndi maso angawa a Zidutswa akutaya chinthu, ndipo pobwerera sanacheuke n'komwe.