Binwell Mtonga ndi Nsanamira Yobisa Ng'ombe

Ku Lundazi ukanafunsa za Binwell Mtonga, ambiri akanayamba akanda kumutu. Koma ukangoti Gulo, aliyense ankakulozera pansi pa mkuyu wa kuseri kwa msika, pamene bambo wina wamtali, wa imvi m'mbali mwa makutu, ankakonza njinga. Dzinali silinali lachipongwe kwenikweni, koma silinalinso laulemu. Analipezera pa chiwongolero, masiku amene anali dalaivala wa boma.

Binwell anabadwira ku Chikomeni, kwa alimi a chimanga ndi fodya. Khasu silinamukonde, ndipo iyenso sanalikakamire. Anayamba ndi kukweza mabelo a fodya pa lole, kenako anaphunzira kuyendetsa, nakatenga laisensi ku Chipata. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anayenda ndi malole pamsewu wa Lundazi ndi Chipata osapha ngakhale nkhuku, ndipo mbiri imeneyi sankatopa kuifotokoza. Pa lole munthu umakhala pamwamba ngati uli pa nsanja yoingira anyani. Zonse umazionera patali.

Mu 1976 analembedwa ntchito pa ofesi ina ya boma m'tauni ya Lundazi. Ntchitoyo inabwera ndi nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, ya mpopi panja. Mkazi wake Flossie, amene iye ankamutchula kuti NyaZimba, anabzala mitengo itatu ya mango sabata yoyamba yomwe. Nyumbayo ankaikonda kuposa mwamuna wake, ndipo ankanena yekha poyera. Ntchitoyo inabweranso ndi kagalimoto kakang'ono koyera, kotsika kwambiri moti Binwell polowamo ankachita kudzipinda.

Patangotha masabata atatu, anagunda ng'ombe. Zinachitikira pa mphambano ina kwawo komwe ku Chikomeni, dzuwa lili paliwombo, popanda udzu wautali kapena fumbi. Ng'ombeyo inathyoka mwendo ndipo anangoipha. Anthu anayankhula mpaka kukhosi kuuma. Ena ankati analedzera, chonsecho munthuyo mowa sankaulawa. Ena ankati alipo amene anamuphimba m'maso chifukwa cha nsanje ya nyumba ya malata. Chimene chinamupweteka Binwell sikusekedwa ayi, koma kuti iye anayang'anadi mbali zonse, ndipo ng'ombe sanaione.

Lamlungu lotsatira, atabwera kutchalitchi, anaimika kagalimoto kaja pabwalo n'kukhala pa chiwongolero. Anapempha mkazi wake kuti asenze beseni n'kumayenda chapatali, kuchokera kudzanja lamanja. Flossie anayenda uku akung'ung'udza kuti ndiwo zikupserera. Mwadzidzidzi anasowa, iye ndi beseni lomwe.

"NyaZimba, mwayenda kuti?" anafunsa Binwell.

"Nili pamene pano, a Mtonga. Zaka zonsezi tili pamodzi, lelo ndiye mwaleka kuniona?"

Binwell anasuntha mutu pang'ono, mkazi wake n'kuonekera. Atabweza mutu, anasowanso. Chimene chinkamubisa chinali kachitsulo kogwira denga la galimoto, kansanamira ka pakati pa galasi lakutsogolo ndi galasi la chitseko. Anakayeza ndi dzanja, ndipo kanangokwana zala zinayi. Anauza mkazi wake kuti ayendenso, iye akuyendetsa galimoto pang'onopang'ono, ndipo apa anaona choopsa chenicheni. Liwiro la awiriwo likagwirizana, woyenda uja amakhalabe kuseri kwa nsanamira njira yonse, n'kudzatulukira ali kale pamphuno pa galimoto. Pambuyo pake ankafotokozera anzake ndi chala chachikulu. Ukachiika pafupi ndi diso, ankatero, chimabisa nkhokwe yonse.

Kuyambira tsikulo, pa mphambano iliyonse Binwell ankaweramira kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, kupendekera uku ndi uku, kenako n'kudutsa. Amalonda a pamsika ataona mutu ukugwedezeka kuseri kwa galasi anati ndi gulo ali pamwala, ndipo dzina linamumatirira. Bwana wake woyamba ankangoseka. Galu wamkota sakandira pachabe, ankatero, n'kupitiriza kuwerenga nyuzipepala.

Mavuto anabwera mu 1981 ndi bwana watsopano, Hillary Mwanza, wochokera ku Lusaka. Anali wamng'ono kwa Binwell ndi zaka khumi ndi zisanu, wophunzira, wa suti yosita bwino. Sanali munthu woipa. Nthenda yake inali imodzi: ankaopa kusekedwa kuposa imfa. Atamva anthu pamsika akukuwa kuti Gulo wadutsa, anaona ngati akunena iye.

"Ba Mtonga, ni chani ichi? Mutu wanu uvina?"

"Niona kuseli kwa nsimbi iyi, bwana. Imabisa anthu," anayankha Binwell akuloza kachitsulo kaja.

"Kansimbi aka kabise munthu? Ku Lusaka mamotoka ni ambili, koma sin'naonepo dalaivala wochita so. Mulekeletu."

Binwell anayankha kuti wamva, koma khosi linali litazolowera kale. Mwanza anamuchenjeza kawiri pakamwa, kachitatu ndi kalata.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wamkulu wa chipani akabwera, tauni yonse inkaima. Mwezi wa Ogasiti kunabwera mkulu wina wochokera ku Lusaka kudzachititsa msonkhano. Msika unatsekedwa, masitolo anatsekedwa, ana a sukulu anandandalikidwa pabwalo kuyambira m'mawa, amayi akuimba. Tsoka ilo, galimoto yaikulu ya mlendoyo inathyoka sipuling'i itatsala pang'ono kulowa m'tauni, ndipo galimoto imene inali pafupi inali kagalimoto ka Binwell. Mwanza anaona kuti mwayi wake wokwezedwa wafika. Anatenga kambendera ka chipani n'kukamanga pa waya wa wailesi, umene unali pambali penipeni pa nsanamira ya dalaivala. Malo obisika aja anakula kuwirikiza. Binwell anakayang'ana kambenderako n'kukasiya pomwepo. Nthawi imeneyo munthu wofuna kukalamba sankachotsa mbendera ya chipani pamene bwana waiika.

"Lelo mutu ukhale pamodzi," anatero Mwanza asanakwere. "Mumseu mulibe munthu, bonse bali ku miting'i. Mukanichititsa manyazi pamaso pa mulendo, makiyi ya motoka na ya nyumba mubweza."

Anamutenga mlendoyo, bambo wonenepa wa magalasi, amene anakhala kumbuyo akuwerenga mapepala a zimene akalankhule. Mwanza anakhala kutsogolo, koma thupi lonse analitembenuzira kumbuyo, akuseka nthabwala zimene mlendoyo anali asanamalize. Mphambano yoyamba Binwell anadutsa khosi lili chilili. Yachiwiri chimodzimodzi. Ankaganiza za mango a NyaZimba, amene chaka chimenecho anali atachita maluwa koyamba.

Mphambano yachitatu inali ya njira yopita kuchipatala. Pagalasi panalibe chilichonse, msewu uli mbee. Binwell anachita mantha ndi kuyera komweko, chifukwa tsiku la ng'ombe msewu unayeranso chomwecho. Anaweramira kutsogolo mpaka chibwano kukhudza chiwongolero.

Kuseri kwa nsanamira ndi kambendera kunali njinga. Mwamuna wa chipewa cha mlaza ankapalasa ndi mphamvu zake zonse, ndipo pakaliyala panakhala mayi wapakati, atagwira mimba ndi dzanja limodzi. Binwell anaponda buleki mpaka pansi. Kagalimoto kanakhwekhwereza matayala n'kuima. Njinga inadutsa patsogolo pake, pamtunda wosakwana mkono, madigadi ake opakidwa utoto wobiriwira, n'kukhotera kuseri kwa mpanda wa chipatala. Wopalasayo sanacheuke n'komwe.

Kumbuyo mlendo anali atagunda chipumi pampando, magalasi atathyoka, mapepala ali mbwee. Pamene Mwanza ankatembenuka, pamsewu panali patayeranso.

"Panali njinga, bwana. Na muzimai wa mimba."

"Njinga iti? Ili kuti?"

Mlendoyo analankhula kumsonkhano ali ndi chotupa pachipumi, akuwerenga movutika, ndipo ana a sukulu anakanika kubisa kuseka. Sabata isanathe, Binwell analandira kalata yomuchotsa ntchito. Anabweza makiyi onse awiri.

Anasamukira m'kanyumba ka zidina kuseri kwa msika. Flossie analira masiku atatu, ndipo kulira kutatha kunatsala mkwiyo wosatha. Sananenepo kuti mwamuna wake ananama, koma denga likadontha ankangoti, "Njinga yanu ija," n'kukatenga beseni. Popita kutchalitchi ankazungulira njira yaitali ya kudambo kuti asadutse pa nyumba ya malata ija ndi kuona ana a eni ake atsopano ali m'mitengo yake. Binwell zinkamuwawa, koma analibe chomuonetsa. Kalata ija inamutsekeranso makomo ena a udalaivala, choncho anagula sipanala, pampu ndi guluu, n'kukhala pansi pa mkuyu. Ngakhale pamenepo, asanawoloke msewu wapansi, mutu unkagwedezeka wokha.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinapita. Tsiku lina la msika mu 1988 kunabwera bambo wina akukankha njinga yoduka buleki, atamanga matumba a usipa pakaliyala. Anati dzina lake ndi Saimoni, kwawo ku Kasungu, koma anakhalitsa ku Chikomeni m'minda ya fodya asanayambe malonda. Binwell anaitembenuza njingayo, ndipo manja ake anaima. Utoto wa pa madigadi unali utasuwa, koma unali wobiriwira womwe uja, wopaka ndi nthenga ya nkhuku.

"Njinga iyi ni yakale," anatero.

"Yakale zedi, bambo," anayankha Saimoni. "Imeneyi ndi m'bale wanga. Inanyamulapo mayi a kunyumba matenda atawayamba, tsiku la msonkhano waukulu uja, galimoto kulibe, anthu onse ali kubwalo. Ndinapalasa osaona kumanja kapena kumanzere. Tinangofika pakhomo pa chipatala, mwana n'kubadwa."

"Mwana alipo?"

"Alipo, wamkazi, Evelina. Ali giredi wanu, ndipo pakamwa sipatsekeka." Saimoni anaseka. "Paja ndi tsiku lomwelo limene dalaivala wina anatupitsa chipumi cha wamkulu wa chipani. Akuti anali wamisala pang'ono, ankagwedeza mutu ngati gulo. Munamumvapo?"

"Ninamumva," anatero Binwell.

Anaika waya watsopano, anamanga mabuleki onse awiri ngakhale anapemphedwa imodzi, anayesa kawiri, n'kupereka njinga. Anaganiza zomuuza, koma anaona kuti munthuyo wakhala zaka zisanu ndi ziwiri osadziwa kuti imfa inamudutsa pamtunda wa mkono, ndipo palibe chimene akanapindula pochidziwa. Anangomuuza kuti akafika pa mphambano aziliza belu, chifukwa si dalaivala aliyense amene amaona zimene zili patsogolo pake.

Madzulo anapeza Flossie akusadzula nkhwani pakhonde. Anakhala pampando n'kuvula nsapato.

"NyaZimba, njinga ija yabwela lelo."

Flossie sanadzutse mutu. "Njinga iti?"

"Ya madigadi yobiliwila. Mwana anabadwa tsiku lamene lija. Ni mukazi, zina lake Evelina. Ali giledi wanu."

Manja a Flossie anasiya nkhwani. Anafunsa ngati anamuuza mwini njingayo kuti iye ndi ndani. Binwell anapukusa mutu. Flossie anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti utsi wa kwa aneba wanyanya, ngakhale aneba anali asanakoleze moto.

Lamlungu lotsatira anavala, natenga buku lake la nyimbo, n'kutsogola. Atafika pamene njira ya kudambo imapatukira, sanakhote. Anadutsa pa nyumba ya malata ija mwamuna wake ali pambali pake, anayang'ana mitengo itatu ija, imene tsopano inali itapitirira denga, n'kunena kuti yabereka bwino chaka chino.