Lole ya Zitenge Ziwili

Ine ndimamata matayala m'mbali mwa mseu waukulu pano pa Nyimba, ndipo madalaivala onse ndimawadziwa ndi mkamwa mwawo momwe. Ambili ndi aukali, amatukwana ngakhale jeke. Koma a Josphat Njobvu, zaka makumi awili ndikuwagwilila ntchito, sindinawamvepo akukangana ndi munthu. Mbuzi ikagona pamseu amaimitsa lole, kutsika, n'kuipempha bwinobwino kuti isunthe.

Anabadwila kufupi ndi Petauke. Anayamba ndi njinga ya nthochi, kenako anakhala wokweza katundu pa lole ya munthu wina, mpaka anagula yawoyawo, yoyela, yakale, imene imayamba yatsokomola isanalile. Malilo a mpingo uliwonse amanyamula. Ukawafunsa za ndale amangoseka n'kunena kuti iwo ndi a mseu, ndipo mseu sufunsa amene akuuponda.

Chimene mtima wawo unkafuna chinali chimodzi: tenda ya boma yonyamula ufa ndi nyemba za ana a sukulu kupita nazo ku Luembe. Imeneyo ndi ntchito ya chaka chonse, osati iyi yodikila kuti wina asamuke kapena amwalile. Tendayo inalengezedwa chaka cha masankho, a Njobvu analembetsa, ndipo mantha anawagwila. Ndani adziwa amene adzapambana? Ukakhumudwitsa wolakwika, mawa ndiye ali pampando.

Zipani zolimba kwathu kuno zinali ziwili, cha Nkhanga ndi cha Mtondo. Maofesi awo anayang'anizana, mseu pakati, ine ndi matayala anga chapafupi pomwepo. Ukamapita ku Petauke, a Nkhanga ali kumanzele, a Mtondo kumanja. Onse ankabweleka lole ya a Njobvu, ndipo aliyense anawapatsa chitenge cha chipani chake kuti amange pa lole. Akulu aja anamanga zonse ziwili, cha Nkhanga kumanzele, cha Mtondo kumanja. Akazi awo, amai Ennie, anangowayang'ana n'kunena kuti mapanga awili avumbwitsa, koma iwo anati mvula ikadali kutali.

Popita ku Petauke zinthu zinayenda bwino kwambili. Kumanzele anyamata a kampeni akuimba m'manja, kumanja nakonso m'manja, a Njobvu akugwedeza mutu uku ndi uku ngati mkwati. Vuto analiona pobwela, atafika pa msika wa nthochi. Lole ikatembenuka, zitenge nazo zimatembenuka. Mwaona nzelu za munthu wamtendele? Sanamasule kanthu. Anatembenuza lole pa msika pomwepo, n'kudutsa maofesi aja chobwelela m'mbuyo mpaka kwawo. Milungu itatu yathunthu, anthu inu, lole ikulowa m'tauni ndi matako, khosi la a Njobvu lili kunja kwa windo. Ine nthiti zinkandipweteka.

Tsiku lina anatopa, anaiwala, anadutsa choyang'ana kutsogolo ngati munthu wabwinobwino. Ofesi iliyonse inaona chitenge cha mdani wake. A Nkhanga ndiwo anayamba kuthamanga. Anagwila lole pamodzi ndi mwini wake, n'kumuyendetsa masiku atatu kumidzi ya ku Sandwe atanyamula anthu a msonkhano, amvekele ndi chilango. Atangobwelako a Mtondo nawo anati ife ndiye tatsala, n'kumutenga masiku anayi. A Njobvu anabwela ataonda, matayala awili ataphulika, anakhala pa benchi yanga. Ndinawamvela chisoni, zoona.

Pa benchi yomweyo panali a Kalaluka, mphunzitsi wa mbili yakale pa sekondale, wochokela kumadzulo kwa dziko, amene ankadikila kuti ndiwamatile njinga. Atamva nkhaniyo maso awo anawala. Anati zimenezi n'zimene zinachitikila Amelika idakali dziko laling'ono. Mangalande ndi Falansa anali pankhondo, Amelika inati ilibe mbali, igulitsa kwa onse. Basi onse awili anayamba kulanda zombo zake panyanja, a Mangalande n'kumatengelatu ndi amalinyelo omwe kuti akawagwilile ntchito. A Njobvu anadzuka pa benchi n'kufunsa kuti nanga Aamelikawo anatani. A Kalaluka anati boma lawo linaletsa zombo zonse kutuluka padoko, kuti adaniwo asowe katundu, amve kuwawa.

"Basi aphunzitsi, ndamva," anatelo a Njobvu.

A Kalaluka anakweza chala kuti apitilize, koma akulu aja anali atawoloka kale mseu.

M'mawa mwake anandiitana kunyumba kwawo ndi jeke. Tinachotsa mawilo onse asanu ndi limodzi, lole n'kuikhazika pa zitsa. Apa ndivomele, ine ndinathandiza, ndipo ndinayamikila nzeluyo. Koma a Njobvu anaona kuti anyamata a kampeni atha kubwela n'kubwezelapo mawilowo okha. Ndiye anawakweza pa ngolo ya ng'ombe n'kuwatumiza kwa apongozi awo ku Luembe, ulendo wa tsiku lonse. Kenako anakhala pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, kudikila kuti zipani zibwele kudzagwada.

Palibe anabwela. Zipani zonse ziwili zinangopita kwa Wilbroad, mwini lole ina ya buluu, munthu amene amanyamula aliyense ndipo amatukwana aliyense mofanana. Amene anamva kuwawa ndi amai Ennie. Nthochi zawo zinapsela kumunda n'kuolela komweko, chifukwa chonyamulila panalibe. Mlungu wachiwili anasiya kuwatchula atate a Natasha, ankangoti a Amelika, madzi osamba ali kubafa. Nkhuku ina inayamba kuikila mazila pansi pa injini.

A Njobvu ankadziwa kuti a boma adzayendela malole a olembetsa tenda masankho akatha. Koma mitambo inayamba kusonkhana msanga chaka chimenecho, ndipo boma linafuna kuti chakudya chifike ku masukulu miseu isanaonongeke. Lachiwili lina m'mawa ndinangoona motoka ya boma ikukhotela kwa a Njobvu. Ndinasiya tayala la munthu lili m'madzi, n'kuthamangila komweko.

Anatsika amai Sampa, a ku ofesi yoona za katundu wa boma, pepala lili m'manja. A Njobvu anawalandila ndi manja awili. Anawaonetsa kuti pa lole palibe chitenge cha chipani chilichonse, anaitsokomoletsa mpaka inalila, nkhuku ija n'kutuluka ikukuwa. Amaiwo anazungulila lole kamodzi, mwaulemu ndithu, n'kuima.

"Bambo Njobvu, mawilo ali kuti?"

"Ali ku Luembe, amai. Kumene kukupita chakudyako. Anatsogola."

Amai Sampa analuma mlomo kuti asaseke. Anati matumba akutuluka m'nkhokwe mawa m'mawa, kodi mawilowo angafike lelo? A Njobvu anayang'ana ine, ine ndinayang'ana zitsa. Amaiwo analemba mawu ochepa papepala lawo n'kutsazika. Tenda inapita kwa Wilbroad.

Madzulo ake a Njobvu anakumana ndi a Kalaluka pa benchi yanga, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani nzelu ya ku Amelika yawakanika iwo okha. A Kalaluka anati sinawakanike okha ayi. Kumenekonso adani aja sanagwade, anangogula kwina. Katundu anaunjikana pamadoko, amalinyelo anasowa ntchito, ndipo patangopita chaka ndi miyezi yochepa lamulolo analichotsa okha.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinakweza chala, a Njobvu. Ngakhale ana a m'kalasi amadikila belu."

Panatsala kubweza mawilo. Mvula inali itayamba, ng'ombe za apongozi zili pa ntchito yolima, ndipo lole yokhayo yopita ku Luembe inali ya Wilbroad. A Njobvu anavala jekete, anapita kukapempha malo. Wilbroad anawatukwana pang'ono monga mwa chizolowezi chake, kenako anati akwele, bola akathandize kutsitsa matumba pa masukulu.

A Njobvu anabwela tsiku lachitatu masana, atakhala kumbuyo pamwamba pa mawilo awo, jekete ndi tsitsi zili mbuu ndi ufa. Ndinali nditakonzekela zowaseka zambili, koma nditawaona nkhope, zonse zinandithela. Tinagubuduza mawilo limodzilimodzi mpaka kwawo. Nditaika jeke pansi pa lole anagwada pambali panga, n'kumandipatsila manati omangila mawilo.

"Stephen," anatelo chapansipansi, "ana aja akamva lole amathamanga kuchokela m'kalasi, akuimba. Ndinatsitsa matumba onse ndekha. Ankaimba dzina la Wilbroad."