Malaya a Tsiku la Mlandu

Ndikakumbukira Che Bwanali, chimayamba kundifika ndi fungo la simbi ya makala losakanikirana ndi nthunzi ya nsalu yonyowa, ndipo ndimawaona ali pakhonde pawo ku Biwi, atayala bulangete patebulo lopendekeka, akuuzira makala m'zibowo za simbi mpaka phulusa kuwayeretsa nsidze, uku kuseri kwa mpanda amisiri akugogoda zitsulo kuyambira m'mawa mpaka makutu kuchita dzanzi. Anali aneba athu a khomo loyandikana, Myao wa ku Mangochi, koma ife ana a ku Ntcheu tinkawaitana kuti agogo ngati athu enieni. Anakalambira pantchito yomasulira mawu kukhoti. Majisitireti akalankhula Chingerezi, iwo ankatembenuzira m'Chichewa kapena m'Chiyao, woimbidwa mlandu akayankha iwo n'kubwezeranso m'Chingerezi. Atapuma pantchito anayamba kusita zovala za anthu.

Koma ambiri sankabwera ndi zovala zokha. Mayi ankafika atamanga samani pakona ya chitenje, ndipo agogo ankamuyankha maso ali pa kolala ya malaya. "Samani si chigamulo, mayi. Angokuitanani. Pitani, chifukwa mukapanda kupita ndiye adzachita kukutengani." Wina akalira kuti mwana wake amutchula wakuba, ankati, "Pakali pano ndi woganiziridwa basi. Wolakwa amatchulidwa ndi khoti lokha." Wina akati chigamulo chamupweteka, ankamuuza za apilo, kuti ndi kukapempha khoti lalikulu liwunikenso. Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 7, wapakamwa ngati wailesi, ndipo mawuwa ndinkawatola pamenepo podikira yunifolomu yanga, osadziwa kuti adzalowa m'nyumba mwathu.

Analowa chaka chomwecho. Bambo athu anali atamwalira kale, ndipo amene ankatidyetsa anali achimwene anga a Limbani, omwe ankagwira ntchito pagalaja ina kufupi ndi msewu. Tsiku lina batire ya galimoto ya kasitomala inasowa, ndipo apolisi anatenga anyamata awiri, achimwene ndi mnzawo Fatsani.

Amayi anatilera mwa kwathu. Mwana satsutsana ndi wamkulu. Wamkulu akapsa mtima umagwada, kuwomba m'manja, pepani, kaya walakwa kaya sunalakwe, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye masana amenewo, akutsuka mbale kuseri, anandiuza kuti mawa tikawauze achimwene akagwade pamaso pa majisitireti, akapepese. Mpanda wathu unali waudzu, ndipo agogo anamva. Aka kanali koyamba kuwaona ataiwala simbi pansalu, mpaka fungo la chopserera linatipeza kwathu.

"Amake Limbani, mwati akatani?"

"Akapepese, abambo. Abwana majisitireti nawonso ndi kholo, amva chisoni."

"Batireyo anaba?"

"Aa! Mwana wanga sanabepo ngakhale singano."

"Ndiye asakapepese," anatero agogo atagwira mpanda. "Kukhoti njira n'ziwiri zokha, kuvomera mlandu kapena kukana mlandu. Akakana, woimira boma ayenera kubweretsa mboni zidzanene zomwe zinaona, ndipo iye ali ndi ufulu wozifunsa mafunso. Koma akapepesa, amuwerengera nkhani yonse, iye mwaulemu wakewo azingoti inde bwana, inde bwana, alemba kuti wavomera. Mboni saziitananso. Ine ndaima pakati pa anthu otere zaka zambiri, ndikutembenuza ulemu wawo ndi pakamwa pangapa, iwo n'kumapita kundende akuthokoza."

Amayi anamvera. Agogo analowa m'nyumba n'kutulutsa malaya awo oyera, aja ankavala ali pantchito, anawasita mpaka kolala kuuma, n'kuwakulunga m'nyuzipepala. "Kukhoti munthu asaoneke ngati agona naye kale m'ngalande," anatero.

Tsiku la mlandu achimwene anaima atavala malayawo, manja ake akuwapitirira zala, n'kunena kuti akukana. Fatsani anapepesa. Atamufunsa ngati akuvomera anati inde bwana, atamupatsa mpata wodandaula chilango chisanaperekedwe anatchula amayi ake odwala, ndipo anamugamula miyezi isanu ndi umodzi. Sindikudziwa mpaka lero ngati anabadi. Chomwe ndikudziwa n'chakuti madzulo ake Amayi anawapititsira agogo mbale yodzaza mandasi, akuthokoza kuti mwana wawo wapulumuka.

Kupulumuka kwake kuti? Khoti linalola belo, kutanthauza kuti achimwene akanatha kumadikira mlandu ali kunyumba, koma pankafunika anthu awiri odziwika owaimira, olonjeza kuti munthuyo sathawa. Agogo anadzipereka tsiku lomwelo. Wachiwiri sanapezeke. Amalume athu, omwe pamaliro a Bambo analira kuposa tonse, anati dzina lawo lisalembedwe m'mabuku a khoti. Choncho achimwene anapita pa rimandi.

"Rimandi si chilango," agogo anandiuza. "Munthu akungosungidwa podikira mlandu wake."

Ndinawakhulupirira mpaka tsiku lomwe ndinaperekeza Amayi kukapereka chakudya. Geti lake linali lomwelo la akaidi, mzere wake womwewo, nsabwe zake zomwezo. Kusiyana kwake kunali kwakuti Fatsani ankadziwa tsiku lotuluka, achimwene ayi.

Kenako ndinaphunzira mawu ena, kuimitsa mlandu. Amenewa ndimadana nawo mpaka pano. Tinkanyamuka ku Biwi wapansi, malaya ali m'nyuzipepala, ine nditajomba kusukulu, n'kukakhala pabenchi lolimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako wina n'kuimirira kunena mawu ochepa chabe, mlandu wauimitsa mpaka mwezi wamawa. Ulendo wina wodandaula, mwini galimoto uja, sanabwere. Ulendo wina majisitireti anali kumaliro. Ulendo wina galimoto yotenga anthu kundende inalibe mafuta, moti achimwene sitinawaone n'komwe. Ulendo wina fayilo sinkaoneka. Tinkabwerera fumbi lili m'mano, Amayi atamanga chitenje m'mimba chifukwa cha njala, ndipo agogo ankatidikira pakhonde, n'kufunsa tsiku latsopano, n'kulilemba ndi khala pachipupa chawo.

Itangokwana miyezi inayi, Fatsani anatuluka. Anamuchotsera ina chifukwa cha khalidwe labwino. Anadutsa pakhomo pathu akudya chimanga chootcha, n'kupereka moni mwaulemu, "Mwaswera bwanji, amayi?" Amayi anapukuta manja n'kulunjika kumpanda.

"Abambo, inu odziwa kumasulira, tandimasulireni iyi. Wopepesa uja ndi uyu akuyenda mumsewuyu. Wokana uja ali kuti?"

"Uyo watuluka ndi mbiri ya mlandu, amake Limbani. Zala zake anazidinda, dzina lake ladetsedwa moyo wonse."

"Dzinalo tiphika?" Amayi anandiloza ine. "Nanga mwanayu madzulo ano adya dzina?"

Kuyambira tsiku limenelo Amayi anasiya kuwapatsa agogo moni. Inenso ndinakwiya nawo, ndisaname. Tinali titayamba kugona ndi phala, Amayi akuchapa zovala za anthu ku Area 47 mpaka manja kusweka, ndipo ndikamva simbi ija ikugunda patebulo ndinkalakalaka nditaitaya m'chimbudzi. Koma tsiku la mlandu likayandikira agogo ankandiitana chapansipansi, "Tadala, tabwera," n'kundipatsira malaya aja pamwamba pa mpanda, ali ofunda. Ine ndinkalandira nditayang'ana kumbali, ndipo Amayi ankawanyamula osafunsa kumene achokera.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri wa rimandi Amayi anawapempha achimwene, akulira pawaya wa kundende, kuti angosintha, avomere, zithe. Lamulo limalola kutero. Achimwene anali atayamba kale kutsokomola. Anapukusa mutu. "Amayi, ndavutika miyezi yonseyi kuti ndidzavomere lero? Agogo anati ndisasenze zomwe sindinachite." Pobwerera Amayi anatukwana njira yonse, ndipo sindinadziwe ngati ankatukwana agogo, achimwene kapena mwini batire.

Mlandu unatha mwezi wa khumi ndi chimodzi. Woimira boma anaimirira n'kunena kuti wodandaula anapita ku Joni, mboni palibe, mlandu akuuchotsa. Majisitireti analemba, n'kuti achimwene azipita. Zonsezo sizinatenge nthawi yowiritsa tiyi.

Ndinathamangira kwa agogo. "Ndiye kuti tapambana?"

"Amumasula chifukwa umboni sunabwere. Sanamupeze wolakwa."

"Koma amupeza wosalakwa?"

Anatembenuza simbi, n'kuyang'ana makala. "Zimenezo sanazinene, mdzukulu wanga."

Achimwene anabwera ataonda, mapazi atatupa, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale, ndipo kugalaja anali atalemba kale wina. Patapita masiku atatu anachapa okha malaya aja, kolala yake itatha, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kwa agogo chifukwa ankachita chizungulire. Tinawapeza agogo atakhala pansi, simbi ili yozizira. Analandira malayawo ndi manja awiri, n'kuyang'ana mapazi a achimwene.

"Pepa, mwana wanga," anatero.

Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Agogo, mwapepesa? Ndiye kuti mukuvomera mlandu?"

"Ayi. Mlanduwo ndikuukana. Ukanabweranso lero ndikanakuuza zomwezo." Anapukuta m'maso ndi malaya omwewo. "Koma pepa."

Amayi anali kuseri kwa mpanda, ndipo ndikudziwa kuti anamva chifukwa phokoso la mbale linaleka. Moni anadzayambanso kuwapatsa patapita nthawi, koma mandasi sanawapititsirenso mpaka agogo anamwalira.

Lero ndine mayi wa ana atatu ku Area 25, ndipo sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma amayi anzanga akalandira pepala la kukhoti amabwera kwa ine. Ndimawauza zonse monga ndinazimvera pakhonde paja: samani, belo, rimandi, mboni, apilo. Pamenepo pakamwa panga sipatopa. Koma nthawi zonse pamapeto pamabwera funso limodzi, "Nanga mwana wangayu avomere kapena akane?" Ndimayamba ndafunsa ngati anachitadi. Akati ayi, ndimawauza zomwe agogo anawauza Amayi, chifukwa china chonena ndilibe. Kenako ndimawauzanso za achimwene, omwe alibe mbiri ya mlandu kulikonse m'dziko muno, ndipo nyengo yozizira ikafika amatsokomolabe mpaka kugwira chipupa. Mayiyo akamatuluka ndimamuuza kuti tsiku la mlandu likayandikira abweretse malaya a mwana wakeyo, ndimusitire.