Mtanda pa Mandasi

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza sukulu inali pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Biwi, kuseri kwa magalaja. Kunena kuti kampani ndikungoilemekeza. Chinali chipinda chimodzi, makina amodzi okalamba, ndi chimpeni chodulira mapepala chomwe ndinkagwira ine. Tinkasindikiza makhadi a ukwati, mabuku a malisiti ndi mapologalamu a maliro. M'zaka zimenezo, kumayambiriro kwa m'ma 2000, a maliro ndiwo ankachuluka.

Woyendetsa makina anali bambo wachikulire wa ku Mangochi, Msilamu wosakonda zolankhulalankhula. Asanayambe kusindikiza zenizeni ankayamba wayesa inki pa mapepala ambirimbiri mpaka zilembo zitaoneka bwino. Mapepala oyeserawo, oyera otsala podula, ndi nsanza za palafini zomwe tinkatsukira makina, zonse tinkaunjika kuseri n'kutentha Lachisanu lililonse. Wotentha ndinali ine. Utsi wake unali wakuda bii, ndipo ndikafika kwathu ku Kawale ndinkatsokomola ngati wosuta chingambwe.

Zinkandiwawa. Mapepala abwinobwino kumangopsa chabe, uku mitengo ya ku Dzalanyama ikulowa m'tauni panjinga m'matumba a makala. Ndinali pa msinkhu umene munthu umaona ngati anthu onse ali mtulo, wadzuka ndiwe wekha.

Pamsewu wolowera kwathu panali mayi wina wamasiye wogulitsa mandasi. Ankakazinga pomwepo pa mbaula, ndipo ana ake atatu ankadya ndi kuphunzira kuchokera m'chiwaya chimenecho. Zokulungira mandasi ndizo zinkamuvuta, ankachita kupempha nyuzi zakale m'makomo. Tsiku lina ndinamutengera mtolo wonse wa mapepala oyesera, osauza munthu aliyense kuntchito.

"Amayi, awa ndi aulere. Ndizikubweretserani mlungu uliwonse."

"Inu achemwali, Mulungu akudalitseni," anatero akuwomba m'manja.

Ndinapita kunyumba ndikudziona ngati ndapulumutsa dziko. Sindinayang'ane n'komwe zomwe zinali pa mapepalawo. Anali a pologalamu ya maliro yomwe tinasindikiza tsiku lomwelo, mtanda waukulu wakuda pamwamba, inki isanaume bwino.

M'mawa mwake bambo wina anagula mandasi otentha popita kuntchito. Atafika pa siteji ya minibasi n'kutsegula pepala, anapeza mandasiwo adindidwa mtanda, m'munsi mwake muli zilembo zotembenuka zosawerengeka. Anakuwa, anthu anaunjikana, ena omwe anagula anatsegula awo n'kupeza zomwezo. Anthu a ku Kawale ndimawakonda, koma pakamwa pawo sipachedwa. Pofika masana nkhani inali yoti mayiyo ndi wokhwima, amaphika ndi mankhwala a kumanda. Pofika madzulo ena anali atawonjezera kuti mwamuna wake sanafe imfa ya Mulungu. Mandasi anazizira m'beseni, osagulidwa.

Ine ndinakhala chete masiku atatu, ndipo ndimachita nawo manyazi masiku amenewo mpaka lero. Ndinkaopa kuti bwana adzati ndaba mapepala. Ndinkazungulira njira ya kutchalitchi kuti mayiyo asandione. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma apa nkhwali inali moyo, changa chinkapha munthu wina.

Tsiku lachinayi ndinaulula kwa bambo wa makina uja. Anazimitsa makina, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, makinawa timatsuka ndi chiyani?"

"Palafini, abambo."

"Ndiye sukudziwa kuti inki imasungunuka ndi mafuta? Mtandawo ndi nkhani yaing'ono. Inkiyo anthu adya."

Sanandikalipire kuposa pamenepo. Anati maganizo anga sanali oipa, koma ndinathamanga osafunsa. Anandionetsa kusankha. Mapepala oyera otsala podula, omwe sanakhudze inki, apite kwa ogulitsa zakudya. Olembedwa tiziviika m'madzi masiku awiri, kuwafinya n'kuumba timibulu, kenako kuyanika padenga, chifukwa tikauma timayaka pa mbaula pang'onopang'ono ndipo makala amachepa. Nsanza za palafini zizikhala pazokha m'chitini, zisasakanikirane ndi china. Bwana atamva anangoti bola kuseri kuyere.

Loweruka bamboyo anabwera nane ku Kawale, atavala mkanjo wake woyera. Mayiyo tinamupeza atakazinga pang'ono chabe, maso atatupa. Ndinaima pamsewu n'kunena mokweza kuti mapepala aja ndinabweretsa ndine. Anthu atasonkhana, bamboyo anatulutsa pepala lomwe anali atangosindikiza m'mawa womwewo, la khadi ya ukwati. Anatenga mandasi otentha m'chiwaya, kukanikiza papepala, n'kukweza m'mwamba. Mtima wofiira wa pakhadipo unali utadindika pa mandasiwo.

"Ndiye awa ndi mandasi a chikondi?" anafunsa kondakitala wina, anthu n'kufa nacho chiseko.

Tsiku limenelo beseni linatha. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Koma omwe anaona mtima uja anali anthu a pamsewu umodzi, pamene za mtanda zinali zitafika mpaka ku Kaliyeka. Amayi ena anapitiriza kuletsa ana awo kugula. Ena akamadutsa ankayang'ana kumbali. Dzina loti mandasi a maliro linakakamira, ndipo anthu ankalitchula ngakhale polondolera mlendo njira. Patapita miyezi iwiri mayiyo anasiya malo aja omwe anakhalapo zaka zambiri, n'kukayamba kugulitsa ku Chilinde, komwe sankadziwika. Ankayenda wapansi tsiku lililonse, chiwaya ndi mbaula zili pamutu.

Kuntchito moto wa Lachisanu unatheratu. Chifuwa changa chinapola, ndipo oyandikana nafe anayamba kubwera kudzapempha timibulu. Ine ndinkamutengera mayiyo gawo lake ku Chilinde, mapepala oyera ndi thumba la timibulu, ndipo ankalandira ndi manja awiri. Sanandinenepo mawu oipa. Ankandiuza kuti makala tsopano amagula pang'ono, ankandifunsa za kunyumba.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa ngati anandikhululukira. Anatembenuza mandasi m'mafuta, osandiyang'ana.

"Achemwali, ndinakukhululukirani kalekale, mumafuna kundithandiza. Koma mwana wanga wamkazi wasiya sukulu. Anzake amamutchula kuti mwana wa mfiti."

Anandikulungira mandasi awiri m'pepala loyera, ndipo anakana kuti ndilipire.